ZA MUNTHU WOKANA MFUTI AKAGULA MFUTI YACE YOYAMBA

Kwa Mafumu ndi Mamembala onse.

Mafumu ndi abale,

Ndipempha kuti mundilole kuika pamaso panu nkhani ya ku dziko la America, kuti tiiganizire tisanakomane pa msonkhano ulinkudza. Nkhaniyi ndi ya kutali, komatu ana athu ena akhala komweko, ndipo funso liri m'kati mwace liyenera bwalo la anthu onga ife, amene zida zathu ndizo kalata, msonkhano ndi kudandaula mwaulemu. Funsolo ndi ili: kodi munthu amene masiku ace onse wakhala alikunena kuti mfuti zicepe m'dziko, akadzagula yace, wataya cikhulupiriro cace kapena iai?

Yankho langa ndilichula poyamba, kuti mukhale nalo poweruza mau anga. Kugula mfuti pa kokha sikutaya cikhulupiriro. Koma kumuikira munthuyo mangawa olemera, ndipo tsiku limene akana kubweza mangawawo, pamenepo ndipo wataya.

1. ANTHUWO NDANI?

Ku America kuli zipani zazikuru ziwiri, ca Republican ndi ca Democratic. Anthu amene amawacha ma Liberal, ambiri a iwo atsata ca Democratic. Iwo akhulupirira kuti Boma liyenera kuchinjiriza osauka ndi mitundu yonyozedwa, kuti mirandu ithe ndi malamulo, ndiponso kuti kugula mfuti kukhale kobvuta koposa umo kuliri. A Republican ambiri amati mfuti ndi ufulu wobadwa nao, ndipo Boma lisaukhudze.

Ufulu umenewo unalembedwa m'Cilamulo cacikuru ca dzikolo m'caka ca 1791, masiku amene mfuti zinali za gogodela, zothira onga kukamwa. M'caka ca 2008 Bwalo Lalikuru, pa mlandu wa Heller, linagamula kuti munthu ali nao ufulu wosunga mfuti yaifupi m'nyumba mwace. Ndipo m'caka ca 2022, pa mlandu wa Bruen, linaonjeza kuti akhozanso kuyenda nayo kunja. Ofufuza a Pew anapeza m'caka ca 2023 kuti mwa anthu 100 ali onse a mbali ya Republican, 45 anali ndi mfuti, ndipo a mbali ya Democratic, 20. Cotero tisayese kuti m'Liberal wa mfuti ndi cinthu cosaoneka. Ngakhale Kamala Harris, popikisana pa cisankho ca 2024, ananena poyera kuti ali nayo yace.

2. CINAWASUNTHA NCIANI?

Caka ca 2020 cinali ca mantha. Mliri wa Covid-19 unatseka masitolo ndi malo a nchito. Pa 25 May wapolisi anapha George Floyd mumzinda wa Minneapolis, ndipo anthu anadzaza miseu ya mizinda yambiri, kwina mwamtendere, kwina ndi moto. Pa 6 January 2021 khamu la anthu linathyola ndi kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Washington. Anthu ambiri amene kale amati "apolisi alipo" anayamba kufunsa m'mtima kuti, nanga akapanda kubwera? Enanso anafunsa kuti, nanga akabwera, adzakhala mbali yanga kodi?

Munthu akafuna kugula mfuti kwa wogulitsa wa ciphaso, alemba pepala, ndipo wogulitsayo afunsa a FBI ngati wogulayo ali ndi mlandu womletsa. M'caka ca 2020 mafunso otere anapitirira 39,000,000, ndipo sanacurukepo cotero m'zaka zonse za m'mbuyo. Ofufuza ena anawerengera kuti kuyambira January 2019 kufikira April 2021, anthu 7,500,000 anakhala ndi mfuti nthawi yao yoyamba. Pafupifupi theka la iwo anali akazi, ndipo mmodzi mwa asanu anali munthu wakuda. Si onse amene anali ma Liberal. Koma akazi ndi anthu akuda ndiwo amene ambiri ao asankha cipani ca Democratic. Alipo ndi mabungwe owalandira, monga Liberal Gun Club, loyamba m'caka ca 2008, ndi National African American Gun Association, loyamba m'caka ca 2015.

3. TISAFULUMIRE KUWASEKA

Alipo amene amati anthuwa ndi a mitima iwiri. Ine sinditero, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, ndipo mbiri ya dzikolo ionetsa kuti mantha otere si a dzulo.

M'caka ca 1892, mumzinda wa Memphis, khamu la Azungu linaturutsa m'ndende amuna akuda atatu, eni sitolo, nawapha popanda mlandu kuzengedwa. Ida B. Wells, mkazi wolemba nyuzipepala, amene mmodzi wa ophedwawo anali bwenzi lace, anagula mfuti yaifupi, nalangiza anthu a mtundu wace kuti asunge mfuti m'nyumba, popeza lamulo linakana kuwachinjiriza. Ndilo dziko limene John Chilembwe analifika patapita zaka zisanu, m'caka ca 1897. Pa 30 January 1956 adani anaponya bomba pa nyumba ya Mbusa Martin Luther King ku Montgomery, mkazi wace ndi khanda ali m'katimo. Ndipo iye amene dziko lonse limdziwa ngati mphunzitsi wa kusabwezera anakapempha ciphaso coyenda ndi mfuti, namkaniza. M'caka ca 1964, ku Jonesboro m'dera la Louisiana, amuna akuda, ena a iwo asilikari akale, anapanga gulu la Deacons for Defense and Justice, nalonda usiku ndi mfuti nyumba za omenyera ufulu, kuopa a Ku Klux Klan.

Kodi tinene kuti anthu amenewa sanakonde lamulo? Iai ndithu. Iwo analikonda koposa amene anali ndi udindo wolisunga. Koma taonani bwino, Mafumu: mfutizo zinalonda pakhomo cabe. Cimene cinasintha dziko ndi lamulo la ufulu wa anthu la 1964 ndi lamulo la cisankho la 1965, ndipo malamulowo anabadwa m'misonkhano, m'maulendo a pamseu ndi m'mabwalo a mirandu. Mbusa King mwini wace anadzacotsa mfuti m'nyumba mwace, nayenda manja okha kufikira mfuti ya munthu wina inamupha pa 4 April 1968. Njira zonse ziwiri ziri ndi mtengo wace, ndipo wosankha asanamizidwe kuti ina ndi yaulere.

4. M'KATI MWA MKUYU

Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula mfuti aona m'maganizo mwace mbala ilikuthyola citseko usiku. Koma mawerengero aonetsa munthu wina. M'caka ca 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America. Ophedwa ndi anzao anali 20,958, koma odzipha okha anali 26,328. Ndiko kunena kuti mwa maliro 100 ali onse a mfuti, 54 anali a munthu wodziombera yekha.

Ofufuza a ku sukulu yaikuru ya Stanford anatsata anthu 26,000,000 a ku California zaka zambiri, naulutsa zopeza zao m'caka ca 2020. Anaona kuti amuna okhala ndi mfuti yaifupi anadzipha ndi mfuti pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa amuna opanda, ndipo akazi ka 35 kuposa akazi anzao. M'caka ca 2022 anaonjeza kuti anthu okhala nyumba imodzi ndi mwini mfuti anaphedwa koposa kawiri poyerekeza ndi okhala m'nyumba zopanda mfuti. Ndipo mwa ogula atsopano aja, 5,400,000 anacokera m'nyumba zimene munalibe mfuti kale, ndipo ana oposa 5,000,000 anayamba kugona denga limodzi ndi mfuti.

Mawerengero amenewa ndiwo amene ma Liberal akhala alikulalikira kwa anzao. Tsono cipolopolo sicifunsa cipani. M'Liberal akayamba kunena kuti, izi zinena za ena, ine ndine wophunzira ndi wodekha, walowa m'kunyada komweko kumene anali kudzudzula.

Palinso cina cowawa. Ufulu wolembedwa pa pepala sufika mofanana kwa onse. M'caka ca 1967, pamene a Black Panther anayamba kuyenda poyera ndi mfuti zodzaza ku California, Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inafulumira kuletsa, ndipo amene anasaina lamulolo ndiye Ronald Reagan wa Republican. Pa 6 July 2016 Philando Castile, munthu wakuda wogwira nchito ya cakudya ca ana pa sukulu ku Minnesota, anaimitsidwa ndi wapolisi ali m'galimoto. Iye anali naco ciphaso, ndipo anauza wapolisiyo mwaulemu kuti ali ndi mfuti. Anaomberedwa nafa, mkazi ndi mwana wa zaka zinai alikuona. Ndipo m'caka ca 2017 bwalo linamasula wapolisiyo. Cotero iwo amene ali ndi cifukwa cacikuru coopera ndi omwewonso amene mfuti ikhoza kuwaitanira imfa.

5. MANGAWA ANAI

Nanga tsono munthu wotere acitenji? Ine nditi akayeza zonsezi naona kuti mfuti imuyenerabe, agule. Koma abvomere mangawa anai awa.

Oyamba ndi kuphunzira. Lamulo la dziko lonse la America silikakamiza wogula kuti ayambe waphunzira, ngakhale madera ena atero. Iye amene anafuna kuti lamulo lotere likhalepo adzilamule yekha. Apite kwa mphunzitsi, adziwe kudzaza ndi kukhuthula, aombere candamale kawirikawiri, ndipo adziwe malamulo a dera lace onena za nthawi imene munthu aloledwa kuombera.

Aciwiri ndi kukhoma. Mfuti ikhale yopanda zipolopolo, m'bokosi la citsulo la loko, zipolopolo kwina, mfungulo kwa mwini yekha. Mwana adziwa pobisika ponse m'nyumba ya atate wace, ndipo kunena kuti "ndinamuuza asakhudze" sikunadzutsepo wakufa.

Acitatu ndi kudziyesa. Nkhanga zinapangana kusanapse. Apangane ndi a m'nyumba mwace, mitima iri m'malo, kuti likadza tsiku la cisoni cacikuru, la mowa wosaleka kapena la ndeu ya m'banja, mfutiyo idzaturuka kukasungidwa kwina monga lamulo lilola, ndipo iye sadzatsutsa. Pakuti maganizo odzipha nthawi zambiri adza napita, koma mfuti sipatsa munthu mpata wakusintha mtima.

Acinai, amene aposa onse, ndi kusacoka pa bwalo. M'madera ambiri a dzikolo munthu akhoza kugula mfuti kwa mnzace wamba popanda a FBI kufunsidwa. M'Liberal anali kudandaula za ici asanagule yace. Adandaulebe atagula, ngakhale lamulo latsopano lidzamtayitsa nthawi ndi ndalama iye mwini. Ana 20 ndi akuru 6 amene anaphedwa pa sukulu ya Sandy Hook m'caka ca 2012 sanaleke kukhala akufa cifukwa iye walowa m'sitolo ya mfuti. Ndipo mau ace tsopano alemera koposa kale, pakuti palibe angamnene kuti alankhula za cinthu cimene sanacigwirepo. Kudandaula sikupita pacabe: m'caka ca 2022, ataphedwa ana 19 ndi aphunzitsi 2 ku Uvalde, a zipani zonse ziwiri anabvomerezana lamulo lofufuza mozama ogula osakwana zaka 21. Linali laling'ono, koma linabadwa pa bwalo.

6. MAU OTSIRIZA

Pali munthu mmodzi yekha amene ine nditi watayadi cikhulupiriro. Ndiye amene agula mfuti osati kuti alonde khomo lace, koma cifukwa watopa ndi kukambirana, nayesa mnansi wace wa cipani cina mdani wa nkhondo. Amene apita nayo ku msonkhano kuti mau ace aopedwe. Wotereyo, ngakhale adzicha m'Liberal, wabvomera ciphunzitso ca iwo amene anathyola Nyumba ya Malamulo, cakuti mphamvu iposa cisankho. Inu Mafumu mudziwa bwino koposa ine kuti mlandu sutha pamene mmodzi wa eni mlandu wagwira nthungo. Ungokhala cete kufikira winayo asule yace. Nkhondo simanga mudzi.

Cifukwa cace, wina wa ana athu okhala m'dziko limenelo akatilembera kufunsa nzeru, tisamyankhe ndi kuseka kapena ndi kuombera m'manja. Timfunse ngati waphunzira, ngati ali nalo bokosi la loko, ngati wapangana ndi a m'nyumba mwace, ndiponso ngati adzapitabe ku msonkhano manja okha. Akayankha inde pa zonse zinai, cikhulupiriro cace ciripo. Akazengereza pa cimodzi, ayambe waleka.

Ndipempha Mafumu ndi Mamembala kuti adze ku msonkhano atalingalira izi, ndipo amene aona mwina asacite manyazi kunditsutsa pamaso pa onse, pakuti ndiyo nchito ya bwalo.

Ndatha ine wanu mwaulemu,

Mmodzi wa Mamembala.