Makwerero Opanda Chogwirira

Aliyense woyenda m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu waona mmene nyumba zosanja zachulukira, ndipo ife tikondwera nako kutukuka kumeneku. Koma chotiwawa mtima n'chakuti eni nyumba ambiri, ndalama zikawathera pa simenti, malata ndi matailosi, amalowetsamo anthu makwerero ali pambalambanda, namalonjeza kuti chogwirira adzaika mawa, ngati kuti sanamve makolo akunena kuti chakudza sichiyimba ng'oma.

Mlanduwu ndi wakalekale. M'chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba yatsopano analamulidwa kutchinga m'mphepete mwa tsindwi lake, kuti wina akagwa mwazi wake usakhale pa banjalo. Ndipo maiko a lero angowonjezapo miyeso. Malamulo a zomangamanga a ku South Africa, otchedwa SANS 10400, amafuna kuti chotchinga cha m'mbali mwa makwerero chitalike osachepera mita 1, ndi kuti mpata wa pakati pa zitsulo usalole mpira wa mamilimita 100 kupyola, ndipo muyeso wa mpatawu ndi womwewonso ku England. Amene anaika muyesowu anali kuganizira mwana wokwawa, amene thupi lake limaloweka pamene mutu wake sungadutse.

Tilankhuleko ndi amisiri owotcherera, amene luso lawo timalilemekeza kwambiri. Maluwa achitsulo amene mumapinda amakongoletsadi nyumba, koma kawirikawiri amasiya mipata yaikulu. Zitsulo zopingasa zimamuitana mwana kuti akwere. Ndipo chogwirira chothera panjira masitepe asanathe, kapena chonenepa kotero kuti dzanja la agogo silingachifumbate, chimamutaya munthu pa nthawi yeniyeni imene akuchifuna, magetsi atazima, matailosi atanyowa, mayi ali ndi mwana kumbuyo ndi ndowa kumutu. Wosaona ndi woyendera ndodo, amenenso ali ndi ufulu wokwera ku ofesi ndi ku chipatala, alibe china chowatsogolera koma chitsulo chimenecho.

Chifukwa chake tikupempha makhonsolo a mizinda, amene amavomereza mapulani, kuti asalekere pa kudinda chidindo, ndiponso bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga m'dziko muno kuti liwakumbutse makontilakitala ake za udindo umenewu. Woyendera nyumba akwere yekha makwererowo, ayeze ndi tepi, achigwedeze chitsulocho ndi manja ake awiri, ndipo chikagwedera akane kuti anthu alowemo kufikira mmisiri atabweranso.