Zala ndi zomwe zija, nanga akudikiriranji?

Munthu wakhala ku America zaka 5 ali ndi green card, chiphaso chomulola kukhazikika ndi kugwira ntchito m'dzikomo. Msonkho wakhala akukhoma, mlandu sanapalamulepo. Tsopano akufuna unzika. Walemba fomu ya N-400, walipira madola 760, kapena 710 ngati watumiza pa intaneti, ndipo akudikira kalata yomuitana kukadinda zala. Kudindako sikutenga ndi ola lomwe: zala pagalasi la makina, chithunzi, kusaina, basi. Koma kalatayo ikachedwa, zonse zimaima chilili. Ine ndikuti kuchedwa kotere n'kulanda munthu ufulu wake mwakachetechete, ndipo bungwe la USCIS, lomwe limaona za unzika, lileke kukuyesa kankhani ka muofesi.

Zidindo za zalazo zimapita ku FBI kuti akafufuze ngati munthuyo ali ndi mbiri ya milandu. Kuyambira mu 1997, lamulo limaletsa kugamula pempho la unzika FBI isanayankhe. Choncho wosadinda sangaitanidwe kukayankha mafunso, sangalumbire, sangavote. Apa ndi pamene pali msampha. Munthu akafunsidwa mafunso n'kupita masiku 120 popanda yankho, lamulo limamulola kukadandaula kukhoti. Koma masikuwo amayamba kuwerengedwa atafunsidwa kale. Amene watsakamira pa zala alibe tsiku loti alilozere n'kunena kuti mwadutsitsa malire.

Tinaziona mu 2020. Maofesi odindira zala anatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, n'kuyamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Julayi. Pofika pakati pa Disembala, USCIS yokha inavomera kuti anthu pafupifupi 1.3 miliyoni a mapempho osiyanasiyana anali akudikirabe tsiku lokadinda. Chisankho cha pulezidenti chinachitika pa 3 Novembala, ndipo amene pempho lake la unzika linali mumuluwo anangochionera pa kanema.

Ena ati unali mliri, palibe wolakwa. Mliri unalipodi. Koma zala za ambiri mwa anthuwa boma linali nazo kale. Mmalawi amene anapita ndi viza anadinda ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe, anadindanso pofika pabwalo la ndege, ndipo ambiri anadindanso kachitatu pofunsira green card. Chimene chimatha mphamvu pakapita miyezi 15 ndi yankho la FBI, osati mizere ya pachala, imene munthu amabadwa nayo n'kupita nayo kumanda. Zidindo zakale zikhoza kutumizidwanso ku FBI munthu ali kuntchito kwake. Ndipo m'nyengo ya mliri ija USCIS inachitadi zimenezi kwa anthu ambiri. Ngati zinatheka pamavuto, chikuletsa n'chiyani kuti likhale lamulo lokhazikika?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti muyeso wake ndi wokondera. Ofesi ikachedwa miyezi, palibe amene amaimbidwa mlandu. Wopempha akaphonya tsiku lake osanena chifukwa, pempho lake limatengedwa kuti walisiya yekha, ndipo ndalama zija sizibwezedwa. Chonsecho pafupifupi ndalama zonse zoyendetsera USCIS zimachokera m'matumba a opempha omwewa.

Taganizirani mayi wa kwathu kuno amene amasamalira okalamba ku Indiana. Amva kuti amayi ake adwalika ku Mzimba. Apite? Nanga kalata ija ikafika iye ali kumudzi? Akhale? Nanga nkhalambayo ikatsikira kulichete asanaione? Komanso ndi nzika yokha imene ingaitanitse kholo lake kuti likakhazikike ku America. Wa green card alibe mwayi umenewo. Ndiye mwezi uliwonse umene kalata yachedwa wachotsedwa pa moyo wa kholo lokalamba. Kumuuza mayi wotere kuti kuona maso a nkhono n'kudekha ndi nkhanza, chifukwa iye anadekha kale zaka 5.

Asatinamize kuti ntchitoyi ndi yovuta. Mu 2017, Malawi, dziko losauka, anatenga zidindo za zala za anthu oposa 9 miliyoni pa miyezi pafupifupi 6 polembera chiphaso cha unzika, alembi akuyenda ndi makina mpaka kumidzi kopanda magetsi. America sangalephere chifukwa chosowa makina. Chikusowa ndi lamulo lomukakamiza.

Nyumba ya malamulo ya Congress iike malire: pasanathe masiku 30 fomu italandiridwa, munthu apatsidwe tsiku lokadinda, apo ayi zigwiritsidwe ntchito zidindo zimene boma lili nazo kale. Ndipo inu abale athu amene munalumbira kale, muli ndi voti imene anzanu akuilirira. Lemberani phungu wa dera lanu kumeneko, mumufunse kuti nkhani ya zalayi aiyankhula liti.