Ekisileyi siumitsa magazi

Pa gombe la Metangula, m'maboti opita ku Cobue ngakhalenso pamaliro, pali nkhani imene yafala kwambiri. Akuti munthu akajambulidwa m'chifuwa ndi makina a ekisileyi magazi ake amauma, mphamvu zobereka zimatha, ndipo sakhalitsa. Umboni wake amati ndi woti amene amajambulayo amathawira kuseri kwa khoma asanayatse makina. Chifukwa cha mawu amenewa, ena amene atumizidwa ku chipatala chachikulu cha ku Lichinga amapinda kalata yawo n'kubwerera kumudzi akutsokomolabe. Nkhaniyi ndi yabodza, ndipo ikhoza kutipititsira abale kumanda.

Sitikukana kuti cheza cha ekisileyi chikachuluka chimavulaza. Wilhelm Röntgen atachitulukira ku Würzburg mu 1895, anthu ankachigwiritsa ntchito mosadziteteza. Clarence Dally, amene ankathandiza Thomas Edison, anapsa manja, anadulidwa mikono, ndipo anamwalira ndi khansa mu 1904. Koma iyeyu anakhala zaka zambiri akuika manja ake pachezacho. Nkhani yagona pa kuchuluka kwake, ndipo kuchulukako kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa milisiveti.

Kujambulidwa m'chifuwa kamodzi kumapatsa munthu pafupifupi 0.1 milisiveti. Pomwe tonsefe, kaya tapitako ku chipatala kaya ayi, timalandira pafupifupi 2.4 milisiveti pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya, m'chakudya ndi kuthambo. Choncho chithunzi chimodzi chikufanana ndi zimene msodzi amalandira kwa milungu iwiri akungokhala pakhomo pake. Kuti mwamuna asiye kubereka, ngakhale kwa kanthawi chabe, pamafunika cheza choposa pamenepo maulendo 1,000, cholunjika kumalo obisika, osati pachifuwa. Makinawo satulutsa magazi m'thupi, ndipo akazimitsidwa palibe cheza chimene chimatsalira mwa munthu.

Nanga wojambula amabisaliranji? Wodwala amaima pamakinawo kamodzi n'kumapita kwawo. Wojambula amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ndiye zochepazochepazo zikhoza kuwunjikana. N'chifukwa chake pali khoma, chovala chamtovu ndi kachipangizo kowerengera cheza chimene walandira, ndipo malamulo a m'maiko ambiri salola kuti wogwira ntchitoyi apyole mamilisiveti 20 pachaka. Khomalo likusonyeza kuti kuchipatala ngoziyi amaidziwa ndipo anaiikira malire.

Kumene cheza chimaopsadi ndi kumene anthu sakuchiyembekezera. M'mafakitale a ku Ulaya ndi ku Asia muli makina a leza amene amadula magalasi a foni ndi kuboola timabowo tating'onoting'ono m'zitsulo. Makinawa amathwanima kwa nthawi yochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000 a sekondi. Ambiri ankawaona ngati makina a kuwala chabe, oti chofunika n'kuteteza maso basi. Koma akatswiri a bungwe la BAM ku Berlin anasonyeza mu 2018 kuti kuwalako kukagunda chitsulo mwamphamvu kwambiri, pamalo ogundidwawo pamatuluka cheza cha ekisileyi, chokwanira kuvulaza wogwira ntchito amene waima pafupi popanda chotchinga. Sachiona, sachimva kutentha. Lero malamulo oteteza anthu ku cheza ku Germany amakhudzanso makina amphamvu oterewa.

Makina amenewa ndi akutali, koma khalidwe lonyalanyaza ngozi ya pantchito tili nalo konkuno. Taonani anyamata owotcherera zitseko ndi zitsulo za maboti, ena atavala magalasi a dzuwa, ena akungotsinzina. Moto wowotcherera sutulutsa ekisileyi, koma umatulutsa cheza china chimene chimawotcha maso ndi khungu, ndipo usiku munthu amamva ngati m'maso mwathiridwa mchenga. Mu 2017 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika chezachi pamodzi ndi utsi wowotcherera m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Zimatipweteka kuona mnyamata woteroyo akuopa chithunzi cha sekondi imodzi kuchipatala pomwe tsiku lonse maso ake ali pamoto.

Boma lathu lino la Lago lili ndi anthu ofunikadi kujambulidwa. Amene amakumba golide ku Lupilichi amapuma fumbi la miyala limene limawononga mapapo ndi kutsegulira njira chifuwa chachikulu, ndipo Mozambique ili m'gulu la maiko amene WHO imati matendawa ndi ochuluka. Chifuwa chachikulu chimachira ndi mankhwala a miyezi 6, koma chikasiyidwa chimapha, ndipo chimafalikira kwa ana ogona m'nyumba yomweyo. Ngati wina anamwalira atangojambulidwa kumene, kawirikawiri n'chifukwa choti anafika mochedwa, mapapo atatha kale.

Amayi oyembekezera auze achipatala asanajambulidwe, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene akumujambulira. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, nanunso eni maboti, tithandizeni kuthetsa bodzali. Amene mwatsokomola kupitirira milungu iwiri, pitani mukapereke makhololo, ndipo akakuuzani kuti mujambulidwe, kajambulidweni.