Ziweto Zotayirira ku Ntengo-wa-Mbalame: Lamulo Lilembedwe Pabwalo

Makolo athu a kuno kumapiri, ngakhale analibe pepala kapena cholembera, anali ndi lamulo la ziweto limene mwana aliyense ankalidziwa asanadziwe n'kugwira khasu komwe: kuti mvula ikagwa, mbewu n'kumera, ng'ombe ziyende ndi mbusa, mbuzi imangidwe pachikhomo, nkhumba itsekeredwe m'khola, ndipo kuti anthu akatha kukolola, nyakwawa n'kulengeza, ziweto zonse zimasulidwe kuti zikadye mapesi m'minda ya aliyense popanda wofunsa kuti munda ndi wa yani. Linali lamulo lanzeru ndithu, pakuti onse ankalima kamodzi pachaka, n'kukolola pamodzi, ndipo ndowe zimene ng'ombe inkasiya m'munda mwa mnansi zinali ngati malipiro a mapesi amene yadya.

Koma dziko lija lasintha, lamulo lokha n'kutsala pamene linali. Lero m'boma la Tsangano, kuyambira ku Ntengo-wa-Mbalame kufikira kumalire a Ntcheu, ngakhalenso kwa abale athu a ku Furancungo m'boma la Macanga, chilimwe sichilinso nyengo yopumula, popeza madimba amakhala obiriwira ndi mbatata ya kachewere, kabichi, matimati ndi anyezi, zimene zimakagulitsidwa ku Biriwiri, ku Lizulu ndi mumzinda wa Tete. Ndipo malo amene dzana anali ndi sitolo imodzi ndi chigayo, tsopano ali ndi nyumba za njerwa zoyandikana, sukulu, chipatala ndi msika. Mbuzi imene kale inkatola mapesi opanda mwini, lero ikamasulidwa imayamba ndi dimba la mayi wamasiye, masana ili pa mulu wa matimati pamsika, madzulo yagona pakati pa msewu wochokera ku Mussacama kupita ku Ulongwe, pamene galimoto zolemera zimathamanga usana ndi usiku. Tafuna kukhala a m'tauni, ndipo n'chabwino. Koma walira mvula walira matope.

Sindinena izi monyoza oweta. Amene anaona nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992 akukumbukira mmene makola anatsalira opanda kanthu pamene anthu ankathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndi mmene anayambiranso pobwerera, wina ndi kambuzi kamodzi, wina ndi kankhumba kobwereka kwa mlamu wake. Kwa munthu wotere chiweto ndicho nkhokwe ya tsiku la tsoka, yolipirira mwana sukulu, yogulira feteleza, yolandirira anthu pamaliro. N'chifukwa chake ndikuti chuma chopezedwa ndi misozi chotere sichiyenera kusiyidwa kuti chiziyenda chokha m'misewu.

Taganizirani za nkhumba, pakuti apa ndi pamene nkhani yakula. Madokotala a ziweto akhala akudziwa kwa zaka zambiri kuti chigodola cha nkhumba, nthenda yopanda mankhwala ochizira, chinamanga mudzi kudera la Angonia ndi madera oyandikana nalo, ndipo kuti chimayenda ndi nkhumba zosakanikirana, nyama yogulitsidwa mobisa ndi zotsala za kukhitchini. Kotero munthu mmodzi womasula nkhumba yodwala angathe kupululutsa makola a mudzi wonse m'masabata owerengeka. Palinso china choopsa koposa, chimene ambiri amachita nacho manyazi kuchitchula pagulu. Nkhumba yotayirira, pamene zimbudzi zili zochepa, imadya chimbudzi cha anthu kutchire, n'kutenga mazira a njoka ya m'mimba amene amasanduka masese m'nyama yake. Munthu akadya nyamayo yosapsa bwino, njokayo imakula m'matumbo mwake, ndipo mazira ake akafika m'kamwa mwa wina kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, angathe kukakhazikika mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kumene nthendayi yafala, pafupifupi anthu 30 mwa 100 alionse odwala khunyu anadwala mwa njira imeneyi. Ha! Ndi agogo angati amene analozedwa chala kuti alodza mdzukulu, pamene wolakwa anali kufwenthera kuseri kwa nkhokwe?

Za agalu ndinene mwachidule, popeza chiwewe sichifuna womasulira. Chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo zizindikiro zikayamba kuoneka palibenso sing'anga wothandiza. Njira yake inadziwika kale: kutemera agalu 70 mwa 100 alionse chaka ndi chaka, monga akhala akuchitira ku Blantyre kuyambira 2015 mothandizidwa ndi bungwe la Mission Rabies, ndipo wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Kuthira agalu chiphe usiku, kumene ena amakutama, kumapha wotemera ndi wosatemera yemwe, kenaka malo awo amalowa ana agalu osatemera konse.

Tsono lamulo alembe ndani? Mzinda wa Tete ndi Moatize ali ndi makhonsolo awo kuyambira 1998, Ulongwe kuyambira 2008, ndipo makhonsolo otere ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'tauni, amene m'Chipwitikizi amatchedwa posturas. Ntengo-wa-Mbalame alibe khonsolo yakeyake. Ali pansi pa boma la Tsangano, ndi shefi wa posito pamodzi ndi mafumu. Ena amaona ngati ichi ndi chilema, koma ine ndikuona mwayi. Lamulo la boma la nambala 15 la chaka cha 2000 linazindikira mafumu ndi atsogoleri a m'midzi monga ogwira ntchito limodzi ndi boma. Mabwalo a milandu a m'midzi anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992. Ndipo malamulo a umoyo wa ziweto a 2009 alipo kale oti alangizi a ziweto atsamirepo. Mizati ilipo, chosowa ndi anthu okhala pansi n'kugwirizana. Ndipo ndinenetse kuti lamulo lolembedwa m'Chipwitikizi chokha, n'kutsekeredwa m'kabati ya muofesi, kwa mlimi wa ku Banga kapena ku Chinvano lili ngati msampha wotcheredwa panjira ya kumadzi, pakuti amalidziwa tsiku limene lamugwira.

Ngakhale chilamulo cha Mose, m'buku la Eksodo mutu 21 ndi 22, sichinaone nkhani ya ziweto ngati yaing'ono: chinalamula kuti wodyetsa chiweto chake m'munda wa mnzake abweze ndi zokolola zabwino koposa za m'munda mwake, ndipo chinasiyanitsa mwini ng'ombe amene sanadziwe kuti ng'ombe yake imagunda ndi uja amene anachenjezedwa koma osaitsekera. Nzeru yake ndi yomwe ija ya akuluakulu athu, yakuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Koma onani kuti cholinga chinali kubwezera wolakwiridwa, ndiponso kuti chenjezo linkatsogola chilango chisanabwere.

Ndikudziwa chimene ena adzanena: kuti wosauka alibe ndalama ya khola, alibe msipu, ndipo ana amene kale ankaweta ali kusukulu, kumene ayeneradi kukhala. Mawu amenewa ndi oona, ndipo lamulo losawamva lidzangokhala njira yolandira mbuzi za amphawi. Chotero mafumu apatule dambo la msipu ndi njira yopita kumadzi zisanagawidwe kukhala mapuloti. Oweta a dera limodzi asonkhe n'kulemba mbusa wamkulu mmodzi. Mapesi, makoko a nyemba ndi masangwi a mtedza zitutidwe kunka kukhola m'malo mowotchedwa. Pakhale khola la mudzi losungiramo chiweto chogwidwa, lokhala ndi madzi ndi buku lolembamo, mtengo wowombolera wodziwika kwa onse, ndi lisiti pa ndalama iliyonse. Pakuti tonse tamvapo za mbuzi zimene zinagwidwa Lachisanu, pofika Lolemba n'kupezeka chikopa chokha. Wolakwa koyamba achenjezedwe, wobwereza alipe, ndipo mwini dimba alandire chake choyamba thumba la chindapusa lisanalandire kanthu. Lamulolo ligwirenso ng'ombe za wolemera ndi agalu a wamalonda monga ligwira nkhumba ya wamasiye.

Chimodzi chotsala ndi malire. Galu wa chiwewe sadziwa kuti Biriwiri ili ndi mbali ziwiri, ndipo nkhumba yogulidwa ku Lizulu m'mawa imagona m'khola la kuno madzulo. N'chifukwa chake masiku a katemera, makamaka ozungulira 28 Seputembala, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, ayenera kupanganidwa ndi alangizi a ku Ntcheu ndi ku Dedza.

Inu a shefi, inu mafumu ndi nyakwawa zathu, inunso alangizi a ziweto a ku Tsangano ndi ku Macanga, itanani anthu pabwalo chimanga chisanakololedwe chaka chino. Muitane oweta, eni madimba, amayi a pamsika ndi opha nyama, ndipo zimene mugwirizane zilembedwe m'Chichewa, ziwerengedwe m'matchalitchi ndi m'mizikiti, zikhomedwenso pachipata cha msika ziweto zisanamasulidwe.