Za Umoyo Wathu: Cipsera Cakale Cisaiwalike

Pakati pa cifuwa ndi mimba pali mnofu wopyapyala umene umatithandiza kupuma. Madokotala akadula mbali ya ciwindi, nthawi zina mnofuwu umafooka, ndipo patapita miyezi kapena zaka ungang'ambike, matumbo n'kukwera m'cifuwa. Izi sizicitika kawirikawiri, koma matumbo akapanikizika munthu angathe kufa.

Ife a kuno ku Chongwe, wacibale akamapuma movutika, timafulumira kuganiza za cibayo kapena TB. Koma ngati anacitidwapo opaleshoni ya ciwindi, ndipo akusanza, sakucita cimbudzi, kapena akumva kuwawa m'nthiti za kumanja, tisazengereze. Timutengere ku cipatala ca Chongwe, tiwafotokozere anamwino za opaleshoni yakaleyo ndi kuwaonetsa cipseraco. Akamujambula m'cifuwa, angamutumize ku UTH, ku Lusaka, kuti madokotala akasoke pong'ambikapo.