Zida Zilipo, Acinyamata Agwire Nchito

Pamisika ya ku Katete ndi ku Petauke pamapezeka uci wabwino ndi ciponde cokoma m'mabotolo opanda dzina. Wogula wa m'tauni alumpha botolo lotere natenga la m'sitolo lokhala ndi pepala lokongola, cinkana kuti za m'kati mwake n'zofanana. Motero mlimi ataya ndalama cifukwa ca kapepala cabe.

Kale munthu wofuna pepala lotere anali kupita kwa osindikiza ku Lusaka kapena ku Ndola, nalipira ndalama zambiri. Lero zida zojambulira zili pa intaneti, ndipo zambiri n'zaulere. Pulogalamu ya GIMP, imene inatuluka mu 1996, ikonza zithunzi. Inkscape, ya mu 2003, ijambula zizindikiro zimene zimaonekabe bwino ngakhale zitakulitsidwa kukhala cikwangwani ca pamseu. Ziwirizi zikangolowa m'kompyuta zigwira nchito popanda intaneti, cinthu cofunika kwambiri kumudzi kumene netiweki ivuta. Amene ali ndi foni yokha angayambe ndi Canva, imene mbali ina ndi yaulere, ina yolipira. Pa Google Fonts pali mitundu ya zilembo yoposa 1,000, ndipo ofuna kupanga masamba a pa intaneti angaphunzire HTML ndi CSS pa freeCodeCamp osalipira ngwee.

Koma ticenjeze acinyamata athu. Si cithunzi ciriconse ca pa intaneti cimene munthu angatenge mmene afunira. Cithunzi ciri ndi mwini wake, ndipo lamulo la dziko lino la mu 1994 liteteza nchito za ojambula ndi olemba. Pa Wikimedia Commons, pansi pa cithunzi ciriconse palembedwa zimene mwini wake walola, ndipo ambiri afuna kuti dzina lao lichulidwe. Werengani musanatenge, pakuti safunsa anadya phula.

Cina n'cakuti zithunzi zambiri za kumeneko zinajambulidwa kunja kwa dziko lino. Thumba la nshawa za ku Chipata lisakhale ndi nkhope ya mlimi wa ku Ulaya. Wojambula atenge foni yake, ayambe wapempha eni ake, ajambule minda, nkhokwe ndi ming'oma ya njuci ya kwao, pamodzi ndi miyambo monga Nc'wala ku Mtenguleni ndi Kulamba ku Mkaika. Zina mwa zithunzizo aziike pa Wikimedia Commons kuti anzake a ku Lundazi ndi ku Chadiza azipeze. Kupatsa nkuika. Ndipo mau a papepala alembedwe m'Cinyanja colongosoka, cimene gogo wogula angawerenge.

Tikupempha magulu a alimi ndi makalabu a azimai kuti nchito ya mapepala ndi zikwangwani aziipereka kwa ana a m'mudzi mwao, ndi kuwalipira mtengo woyenera. Tikupemphanso akulu a masukulu okhala ndi makompyuta kuti aziwatsegulira acinyamata amene anatsiriza sukulu, maphunziro a tsikulo akatha. Khasu likakhala m'nyumba sililima, ndipo kompyuta yokhomeredwa m'ofesi ya ahedi siingagulitse botolo la uci ngakhale limodzi.