Musanamugulire Mac, mufunseni kaye

Inu okwera minibasi mu Lusaka muno, mng'ono wanu wopanga mabiti ku Petauke kapena ku Nyimba akakutumani MacBook, musathamangire ku Town Centre. Yambani mwamufunsa pulogalamu imene amagwiritsa ntchito. Cakewalk imagwira pa Windows pokha, Logic Pro ndi ya makina a Apple basi. Akasintha mosaganiza, nyimbo zimene oimba analipira kale zidzakana kutseguka, ndipo ndalama adzabweza ndi iye.

Ine ndikuti asankhe yogwira konsekonse: FL Studio, imene laisensi imodzi imakwanira Windows ndi Mac, kapena Reaper ya madola 60. Manje asanagulitse laputopu yakale, asunge mawu a chida chilichonse paokha ngati WAV. Kasitomala samva zakuti "fayilo yakana".